Masentimita atatu amene anatsitsa amayi panjinga

Njinga yochokera ku Joni

Njinga yamoto imene ndimayendera ndi Yamaha Virago 250. Anabwera nayo ndi achimwene anga kuchokera ku Joni, ndipo pobwerera kumeneko anandisiyira makiyi n'kunena kuti, "Uziyendera mphwanga, njinga ikangokhala imawonongeka." Kuno ku Mulanje njinga yotere ndi yachilendo. Mukaima pa Chitakale kanthawi pang'ono muona ma Lifo ndi ma Boxer a kabaza, mwinanso AG 200 ya mlangizi italowa matope mpaka pa injini. Yangayi ikamadutsa anthu amacheuka. Ndi yotsika, mapazi amapita kutsogolo, mahandulo amachita kukubwerera okha.

Ndinaikonda chifukwa cha kutsikako. Ine si wamtali. Panjinga za alangizi zija ndimaponda pansi ndi zala zokha, koma pa Virago phazi lonse limafika, bondo n'kupindikanso. Buku la njingayi limati mpando wake uli pa mamilimita 685 kuchokera pansi, komwe ndi kutsika kale. Yangayi inali yotsika kuposa pamenepo, chifukwa mwini wake woyamba ku Johannesburg anachotsa mashoko akumbuyo, zitsulo za sipuling'i zolandira mabampu zija, n'kuikapo ena aafupi, onyezimira, okongola zedi. Achimwene anaigula ili choncho, inenso ndinailandira ili choncho.

Pa tala, kuchoka pa boma kupita ku Luchenza, inkayenda bwino ndithu. Tizovuta tinalipo. Pa hampu iliyonse m'mimba mwake munkakhudza pansi, nyali yakumbuyo inkangozima yokha, ndipo usiku madalaivala ankandiphethirira magetsi ngakhale ndili pa dimu. Aliyense amene ndinkamuuza ankati njinga zotsika ndi mmene zimakhalira.

Ngalande ya m'munda wa tiyi

Kwathu ndi cha ku Limbuli, mukasiya msewu wa ku Muloza n'kulowa m'minda ya tiyi. Amene anayendamo akuidziwa misewu imeneyi: katondo wofiira, woterera mvula ikangowaza, komanso ngalande zodula msewu zimene anakumba dala kuti madzi otsika m'phiri asamatsate njira. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ngalande zina zinazama, ndipo miyala imene inali yokwiririka inatulukira pamtunda.

Amayi amavutika ndi msana. Anathyola tiyi zaka zambiri dengu lili kumbuyo, ndipo masiku ano akakhala pansi, podzuka amayamba agwira khoma. Tsiku limenelo ankayenera kukaonana ndi adokotala pa boma, ndiye ndinakawatenga m'mamawa. Kunali chiperoni, phiri lonse litabisala, kamvula kakuwaza. Ndinawaveka chipewa, iwo anakonza chitenje chawo, n'kukwera atagwira phewa langa.

Ndinkayenda pa giya yachiwiri, liwiro loti mwana wothamanga akanatipitirira. Ngalandeyo ndinaionera patali ndipo ndinachepetsanso moto. Tayala lakutsogolo linatsika n'kukwera popanda vuto. Lakumbuyo litangolowa ndinamva "gu!" pansi pa mpando, chitsulo kugunda chitsulo, kenako kulira kwa tayala likukhula madigadi. Amayi sanakuwe. Anangoti "mayo" chapansipansi, zala zawo n'kulowa m'phewa mwanga.

"Ima kaye, bambo."

Ndinaima. Anatsika pang'onopang'ono, anagwira m'chiuno ndi manja onse awiri, n'kuima choweramira. Azimayi amene ankathyola tiyi chapafupi anasiya ntchito n'kumatiyang'ana.

"Mwapweteka kwambiri, amayi?"

"Iyayi, palibe kanthu. Koma ine ndiyenda wapansi mpaka pa tala, kumeneko ndikakwera minibasi. Iwe tsogola."

Sindinatsogole. Ndinazimitsa injini n'kuyamba kukankha njinga pambali pawo, makilogalamu 147 m'katondo woterera. Iwo ankayenda pang'onopang'ono, akumandifunsa za ana, za nandolo wa chaka chino, chilichonse kupatula njingayo. Ndinadziwa kuti akundisungira ulemu pamaso pa anthu aja, ndipo zimenezo n'zimene zinandilasa kwambiri.

Tili m'njira anatipitirira mnyamata wa kabaza pa njinga yake yotopa, atanyamula mayi wina ndi thumba la ufa. Ndinamuyang'ana akulowa m'ngalande yotsatira. Njingayo inawerama n'kudzuka, mayi uja osagwedezeka n'komwe, akupitiriza kulankhula pa foni. Njinga ya mnyamatayo mtengo wake sungafike pa yanga, injini yake ndi theka la yanga, koma inachita chimene yanga inalephera kuchitira mayi wondibala. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Amakaniko anayamba ndi zala

Ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene amakonza njinga pafupi ndi Chitakale. Anagwirapo ntchito zaka zambiri m'galaja ya esiteti, ndipo salankhula zambiri. Sanatenge sipanala. Anandiuza kuti ndikhale panjinga, kenako anaitana mnyamata wawo kuti akhale kumbuyo kwanga. Iwo anagwada n'kulowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi. Zala ziwiri zinalowa movutikira.

"Tatsikani muone, aphunzitsi."

Anawalitsa tochi kunsi kwa madigadi. Utoto unali utachoka, panali mzere wonyezimira pamene tayala linkakhula. Waya wopita ku nyali yakumbuyo umadutsa momwemo, ndipo unali utasupuka mpaka mkuwa kuonekera. Nkhani ya nyali yozimazima inathera pomwepo.

"Mashoko anuwa ntchito yawo imatha musananyamuke," anatero. "Munthu akafuna kudumpha ngalande amaima kaye chilili, kuti potera mawondo apinde. Nanga atanyonyomala kale, apinda chiyani? Msana ndi umene ulandire."

Kenako anakhazika njinga pa chipika kuti tayala lakumbuyo lilendewere, n'kutenga tepi. Shoko sayeza kuchokera kumutu mpaka kumchira ayi. Amayeza kuchokera pakati pa bawuti yapamwamba kukafika pakati pa bawuti yapansi, palibe cholemera chilichonse pamwamba pake. Mukayeza njinga ili chiimire pansi, nambala imene mupeze ndi yabodza, chifukwa kulemera kwa njingayo kwafinya kale sipuling'i. Nambalayo ndinawatumizira achimwene pa WhatsApp, iwo anapita kogulitsa zipangizo za njinga zophwasula, anayeza shoko yeniyeni ya Virago 250, n'kundiyankha. Kusiyana kwake kunali masentimita atatu.

Nditamva ndinakayika. Masentimita atatu ndi kutalika kwa kachala kakang'ono kosafika n'komwe. Amakaniko anangomwetulira n'kundiuza kuti ndikhale pa benchi.

Kumene masentimita atatu amapita

Zimene anandifotokozera masana amenewo, komanso zimene ndinaziona ndekha pambuyo pake, ndi izi.

Shoko siimangika pa ekiselo ya tayala penipeni. Imamangika patsogolo pang'ono, pa foloko yakumbuyo ija imene imakwera ndi kutsika, ndipo imaima chopendekeka. Ndiye shoko ikafupika ndi masentimita atatu, kumbuyo kwa njinga kumatsika kuposa pamenepo. Pa yangayi kunkayandikira anayi.

Tsono taonani kumene anayiwo achokera. Tayala lakumbuyo la Virago 250 analipatsa mpata wokwera ndi kutsika wa mamilimita 100 okha basi, masentimita khumi. Umenewo ndiwo chuma chonse chimene msana wanu uli nacho. Mukakhala panjinga, pafupifupi atatu mwa khumiwo amapita, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, kuti tayala likapeza dzenje lithe kutsikiramo m'malo moti njinga yonse igwere. Otsala asanu ndi awiri ndi olandirira mabampu. Wina akachotsa anayi kuti njinga ioneke bwino, kenako n'kukweza munthu wachiwiri, chotsala n'chochepa kwambiri moti ngalande ya m'munda wa tiyi imachimaliza kamodzi.

Shoko yaifupi ili ndi njira ziwiri zokha, ndipo zonse n'zowawa. Ngati anaipanga kuti izifinyika pang'ono, amaiikira sipuling'i yolimba kuti isamagunde, ndiye kabampu kalikonse mumakamva m'mano. Ngati anaisiyira mpata wofinyika wofanana ndi yaitali ija, tayala limakwera kupitirira pamene opanga njinga analilekezera, n'kukakumana ndi madigadi. Zanga zinali za mtundu wachiwiriwu.

Pansi pa injini napo pamatsika. Virago 250 yosasinthidwa ili ndi mpata wa mamilimita 145 pakati pa mimba yake ndi msewu, umene ndi wochepa kale poyerekeza ndi njinga za kabaza. Mukachotsapo ena, mahampu a pa malo ochitira malonda amasanduka adani anu, ndipo pokhota chopondera kapena paipi ya utsi imakhudza tala msanga. Pa makona a pakati pa Thyolo ndi Bvumbwe ndinkamva chopondera chikulira, njinga n'kufuna kudzuka ndili pakati pa kona. Chinthu cholimba chikakhudza pansi pokhota, kulemera kumachoka pa tayala. Pamenepo si pamasewera.

Palinso china chimene sichioneka ndi maso. Kumbuyo kukatsika, njinga yonse imakhala chagada pang'ono, mafoloko akutsogolo n'kugona kwambiri. A Virago 250 anawagoneka kale pa madigiri 32, ndipo kutsitsa kumbuyo ndi masentimita anayi kumawonjezera digiri imodzi ndi kanthu. Pa msewu wowongoka njinga imakhazikika bwino, n'chifukwa chake ndinkaiyamikira popita ku Luchenza. Koma pokhota imalemera, imafuna kupita mowongoka, ndipo mukamayenda pang'onopang'ono pakati pa miyala handulo imagwera mbali imodzi. Nyali yakutsogolo nayo imayang'ana m'mwamba, makamaka mukanyamula munthu. Madalaivala aja sankandivutitsa dala, ndinkawathobwa m'maso.

Chomaliza chinali sitandi. Njinga yatsika koma sitandi ikadali yaitali ngati kale, ndiye njinga imaima pafupifupi chilili. M'mphepete mwa tala, poti ife timayenda kumanzere ndipo msewu umatsetserekera komweko, imaima bwino. Koma pakhonde la golosale pamene kumanzere kuli kokwera, mwana kungoitsamira ikhoza kugwera kumanja.

Amazitsitsiranji?

Munthu amene anaika mashoko amenewa sindimudziwa, ndipo sindimuda. Njinga zamtunduwu zinabadwira ku America, pa misewu yotakata, yosalala, yowongoka mpaka maso kutopa. Njinga zikuluzikulu za Harley-Davidson zinalibe mashoko akumbuyo mpaka 1958, kumbuyoko masipuling'i ankakhala pansi pa chishalo basi, ndipo maonekedwe a njinga yogona pansi, tayala litabisala m'madigadi, anthu anawakonda kuyambira nthawi imeneyo. Anawakonda kwambiri moti mu 1984 kampaniyo inatulutsa Softail, njinga yokhala ndi mashoko koma atawabisa kunsi kuti izioneka ngati ilibe. A Yamaha potulutsa Virago 250 mu 1988 ankatsata maonekedwe omwewo.

Ndiye munthu wokhala ku Johannesburg, woyenda yekha Loweruka pa tala wosalala, akatsitsa njinga yake sataya zambiri. Mwinanso anali wamfupi ngati ine, ankafuna mapazi azifika. Vuto ndi loti njingazi zikawoloka malire zimabwera ndi zosankha za munthu wa msewu wina. Ife timaona kunyezimira, timayesa injini, timafunsa mapepala, koma palibe amene amagwada kuti aone mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi.

Kukweza nakonso kuli ndi polekezera

Nditamva zonsezi mtima unathamangira mbali inayo. Ndinawauza amakaniko kuti tipeze mashoko aatali kwambiri, ngati amene anyamata a kabaza amaika akamanyamula matumba ku msika wa Limbuli. M'masitolo a zipangizo ku Limbe mumapeza a mamilimita 280, 300, 320, 340, ndipo ochokera ku South Africa ena amalembedwa m'mainchesi: mainchesi 11 ndi mamilimita 279, 12 ndi 305, 13 ndi 330. Ndinkafuna aatali kuposa onse.

Anapukusa mutu. "Mukufuna kuchiritsa msana n'kupha giyabokosi."

Apa ndi pamene ndinaphunzira za tcheni, ndipo ndikupempha aliyense amene akuganiza zosintha mashoko awerenge ndime iyi kawiri. Pali malo atatu: sipuloketi yaing'ono ya pa injini, bawuti yaikulu imene foloko yakumbuyo imayendapo, ndi ekiselo ya tayala. Tcheni chimakungika kwambiri pamene malo atatuwa ali pa mzere umodzi wowongoka. Mukaika shoko yaitali, foloko imaloza pansi kwambiri, kutali ndi mzere uja, ndiye njinga ikangoima tcheni chimaoneka cholendewera. Munthu amatenga sipanala n'kuchikunga. Akakwera, n'kunyamula katundu, n'kugunda bampu, foloko imakwera kufika pa mzere uja, tcheni n'kukungika kupitirira muyeso. Chimene chimalandira nkhonya imeneyo ndi bering'i ya kuseri kwa sipuloketi yaing'ono, m'kati mwa injini. Kusintha bering'i imeneyo n'kung'amba injini pakati. Amakaniko akuti njinga zambiri za kabaza zimene zimabwera zikudontha oyilo pa sipuloketi, akazifufuza amapeza mashoko aatali ndi tcheni chokungitsa.

Foloko ikaloza pansi kwambiri, tcheni chimayambanso kudya kalabala kamene chimatsetserekapo, kenako chitsulo chenichenicho. Buleki yakumbuyo imasintha kagwiridwe, muyenera kuikonzanso pa nati yake, apo ayi izigwira yokha pa mabampu. Mafoloko akutsogolo amaima chilili, njinga imakhota msanga, zimene zimakoma m'misika, koma pa liwiro la pa msewu wa Midima handulo ikhoza kuyamba kunjenjemera. Sitandi imasanduka yaifupi, njinga n'kumatsamira kwambiri, ndipo pa dothi lonyowa imalowa pansi. Amene ali ndi njinga zopanda tcheni, zoyendera shafiti ngati Virago 535 kapena Suzuki Intruder 800, asamale koposa, chifukwa mfundo ya shafitiyo anaipangira kupindika kochepa, ndipo ikatha simungaipeze pa Chitakale.

Malangizo awo anali akuti tibwerere pa muyeso wa opanga njinga. Ngati kuwonjezera, sentimita imodzi basi, poganizira misewu yathu. Ndinasankha kubwerera pa muyeso weniweni, ndipo achimwene anatumiza mashoko awiri ogwirapo kale ntchito pa basi.

Kutalika si kokhako koyang'ana pogula. Kumapeto kwa shoko kwina kumakhala kwa diso, kwina kwa mphanda. Bowo la bawuti lina ndi la mamilimita 10, lina 12, ndipo mukaika lalikulu pa bawuti yaing'ono muzimva kugogoda ulendo wonse. Sipuling'i yonenepa kwambiri ikhoza kukhuza chotchinga tcheni kapena paipi ya utsi. Shoko ya njinga ya 125 ikhoza kufanana kutalika ndi yanu koma sipuling'i yake anaipangira njinga yopepuka. Ndipo m'kati mwa shoko muli oyilo, amene ntchito yake n'kuletsa sipuling'i kudumphadumpha. Mukaona oyilo pa kachitsulo konyezimira kapakati, kapena dzimbiri litakadya, isiyeni. Mukakanikiza kumbuyo kwa njinga n'kusiya, iyenera kudzuka kamodzi n'kukhazikika. Ikamavina, oyilo anatha kalekale, ngakhale kunja ikuwala.

Masitepe asanu aja

Kunsi kwa sipuling'i kuli kakolala kokhala ndi masitepe asanu. Anthu ambiri amaganiza kuti kukweza sitepe n'kutalikitsa shoko, ena amati n'kulimbitsa sipuling'i. Zonse ziwiri sizoona. Shoko kutalika kwake kumakhala komweko, sipuling'i kulimba kwake kumakhala komweko. Chimene kakolalako kamachita n'kufinyiratu sipuling'i pang'ono, kuti mukakwera njinga isatsike kwambiri. Ndiye kuti mukusankha pamene njinga izikhala mutakwera, ndi mpata umene utsale wolandirira mabampu.

Kuyeza kwake n'kosavuta, mungofunika tepi, choko ndi mnzanu mmodzi. Lembani kadontho pa madigadi, pamwamba penipeni pa ekiselo. Yezani kuchokera pa ekiselo kufika pa kadonthoko tayala lili m'mwamba. Tsitsani njinga, khalanipo monga mmene mumakhalira poyenda, mapazi pa zopondera mnzanu atakugwirirani, ayezenso. Pa njinga ya mpata wa masentimita khumi, kusiyana kwake kukhale cha m'ma atatu. Kukapitirira, kwezani sitepe. Kukachepa kwambiri, tsitsani. Mukafika sitepe yomaliza koma njinga ikutsikabe mopitirira, ndiye kuti sipuling'iyo yatopa kapena ndi yofewa kwa inu, ndipo kakolala sikangakuthandizeninso.

Ine ndikakhala ndekha ndimakhala pa sitepe yachiwiri, ndikanyamula munthu ndimapita pa yachinayi. Mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe imodzimodzi, apo ayi foloko imapotoka ndipo njinga imakokera mbali. Pali kasipanala kake kokhota kotembenuzira kakolalako. Ndimakasunga pansi pa mpando, ndipo ndimamva chisoni ndikaona munthu akumenya kakolala ndi hamala ndi sikuludiraiva mpaka mano ake kuthothoka.

Tsiku loika mashoko atsopano amakaniko sanathamange. Anayamba amanga mbali imodzi, kenako inayo, osakungitsa mabawuti mpaka njinga itatsika pansi. Anatikhazika awiri panjinga, n'kuyeza tcheni tili pompo. Anakonza buleki, anakulunga waya wa nyali uja n'kuumangirira m'mbali, ndipo kutada anaimika njinga moyang'ana khoma n'kukonza nyali yakutsogolo. Pomaliza analowetsanso dzanja pakati pa tayala ndi madigadi, tili awiri pampando. Chikhatho chonse chinalowa.

Nanga ife a miyendo yaifupi?

Funso limeneli ndi lenileni ndipo sindikufuna kulizembera. Njinga itakwera, zidendene zanga zinasiya kufika pansi bwinobwino, ndipo pa katondo wonyowa, munthu uli ndi wina kumbuyo, phazi lofika pansi ndi chitetezo. Amene amatsitsa njinga chifukwa cha zimenezi ndimawamvetsa ndi mtima wonse.

Koma pali pena pochotsa masentimitawo posakhudza tayala. Ndinatenga mpando n'kupita nawo kwa bambo wosoka mipando ya masofa. Anachotsa chikopa, anasema siponji pamene ndimakhala, makamaka m'mbali mwake kutsogolo. Kupyapyala kwa mpando pamene ntchafu zimatsikira kumathandiza kuposa kutsika kwake, chifukwa miyendo imapita pansi mowongoka m'malo moyamba yatangadza. Mbali ya wokwera kumbuyo sanaiseme, m'malo mwake ndinawapempha kuti awonjezereko siponji yabwino. Nsapato za jombo zokhala ndi soli yokhuthala zinamaliza nkhaniyo. Ngati munthu watsimikiza ndithu zotsitsa njinga yonse, atsitse pang'ono, atsitsenso kutsogolo mofanana kuti njinga isakhale chagada, adule sitandi, ndipo achotse masipuling'i kaye n'kukweza tayala mpaka pothera kuti aone ngati likukhudza madigadi.

Amayi sanavomere msanga kukweranso. Anakana mwaulemu kangapo, akumati minibasi ili bwino. Tsiku limene anavomera ndinaika sitepe yachinayi iwo akuona, ndipo titafika pa boma anatsika okha osagwira m'chiuno, n'kundiuza kuti pobwerera tidzere pa Chitakale agule zinanazi.

Mashoko onyezimira aja

Anakhala m'katoni pansi pa bedi kwa kanthawi. Kenako kunabwera mnyamata wina wa ku Thyolo amene ali ndi Suzuki GN125, atamva kuti ndili nawo. Anawagwira n'kumawatembenuza, maso akuwala. Ndinamufunsa kumene amayenda. Anati amagwira ntchito ku Limbe, amapita ndi kubwera pa tala tsiku ndi tsiku, yekha.

"Nanga kumudzi?"

"Ndi ku Thekerani, achimwene. Ndimapitako pakutha pa mwezi."

"Umanyamula ndani ukafika?"

Anaseka pang'ono. "Agogo, ndikamapita nawo kutchalitchi. Nthawi zina mlongo wanga ndi mwana."

Tinatuluka panja pamene anaimika njinga yake. Ndinamuuza kuti akhalepo, ine ndinakhala kumbuyo, n'kumuuza kuti apinde dzanja alowetse pakati pa tayala ndi madigadi. Zala zinayi zinalowa. Tinayeza mashoko ake ndi tepi, tinayezanso anga aja, ndipo anga anali aafupi ndi pafupifupi zala zitatu. Anakhala chete akuwerengera yekha.

Anandifunsa ngati pali njira yoti aziika onyezimirawo pakati pa mwezi n'kumabwezera akewo popita kumudzi. Ndinamuuza kuti n'zotheka, mabawuti ndi anayi okha, koma ulendo uliwonse azikonzanso tcheni, buleki ndi nyali, ndipo sitandi izimuvuta mbali imodzi. Anaganiza kanthawi, anabweza mashokowo m'katoni, n'kundipempha kuti ndimulozere kwa bambo wosoka mipando uja.